Memole Imene Ndinasokoneza

Mundikhululukire polemba nkhani yosayenera kukambidwa pagulu. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 ndipo kulemba sindidziwa kwenikweni, koma pakamwa ndinalephera kuinena.

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene dzina la mayi anga silinatuluke pa makuponi a feteleza. Fodya wathu anathera m'mawondo, wachikasu. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ndinali nditafunsira Esinati, mtsikana wa mudzi woyandikana ndi wathu kufupi ndi Santhe. Ndinamupempha kuti andidikire zaka ziwiri, anavomera.

Kumeneko ndinapeza ntchito pa kashopu ka Mmalawi wina, yoika nyimbo ndi mafilimu m'mamemole, timakhadi tolowetsa m'foni tija. Tsiku loyamba abwana anandionetsa malo ena pa kompyuta. "Izi sulengeza ayi. Munthu akatsitsa mawu, udziwe kuti akufuna zimenezi." Anali mafilimu olaula. Ine ndinkayesa n'za anyamata osakwatira, koma ankabwera abambo ovala mataye ndi amayi ochokera kuntchito. Amayi sankalankhula, ankangoloza ndi chala. Amuna ena ankafuna za amuna okhaokha, akazi ena za akazi okhaokha, ndipo amenewa ankayamba ayang'ana kukhomo asanapemphe.

Sindidziyeretsa. Lamlungu anzanga ogona nawo chipinda akapita kumowa, inenso ndinkaonera. Ndikatha ndinkaimbira Esinati, iye n'kumandifunsa ngati ndikudya bwino, manyazi n'kundigwira. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, za feteleza ndi za malata.

Ndinabwerera ndi laputopu ndi sola, nditalumbira kuti kwathu ndiziika nyimbo zokha. Ndinaika kabenchi pamsika. Koma memole ukailowetsa, zonse zili m'menemo zimaonekera. Zimene ndinkati ndasiya ku Joni ndinapeza zitafika kale, m'mamemole a matenanti a ku esiteti, a aphunzitsi, a amayi ogulitsa tomato, ndi a akulu ampingo awiri. Ndinkangoweramitsa mutu n'kuika nyimbo.

Tsiku lina la msika kunabwera Levisoni, mchimwene wake wa Esinati, munthu wapabanja ndi wofatsa. "Alamu, mundifufutire zonse zili umu. Musatsegule chonde." Sindinatsegule, koma tizithunzi tinaonekera tokha. Zinali za amuna okhaokha. Ndisanafufute, moto unatha mu laputopu. Ndinaika memoleyo m'kabokosi ka machesi, mmene munalinso ya Mayi Nabanda, otsogolera kwaya ya amayi. Atabwera kudzatenga yawo, ndinasokoneza n'kuwapatsa ya Levisoni. Anakaitsegula pophunzira nyimbo, amayi onse atazungulira foni.

Akulu ampingo anandiitanitsa. Wofunsa mafunso anali mmodzi mwa awiri aja.

"Fanuwelo, memole iyi ndi ya ndani?"

Levisoni anali pabenchi yakumbuyo ndi mkazi wake, akupotokola chipewa m'manja. Ndinadziwa kuti ndikamutchula sizithera kutchalitchi. Banja lake litha, mwinanso zifika kupolisi.

"Ndi yanga, bambo. Ndinabwera nayo kuchokera ku Joni."

"Tinadziwa kale," anatero mkuluyo. "Mumapita kukafuna ndalama, n'kutibweretsera nyansi. Kwathu kuno zimenezi kulibe."

Anandidula mumpingo. Pa kabenchi panga panalibenso wofika. Ena ankandidikira panjira ya kudimba, n'kunong'ona kuti, "Achimwene, zija munaona kwa ine zithere pomwepo." Palibe ngakhale mmodzi amene anandifunsa ngati mayi anga akutulukabe m'nyumba.

Esinati ndinakumana naye kuchigayo. "Ungondiuza kuti si yako, ndikukhulupirira," anatero. Ndinayang'ana pansi. "Zaka ziwiri, Fanuwelo! Ndinakana amuna atatu chifukwa cha iwe." Anasenza ufa wake n'kumapita.

Ku Joni ndinkaganiza kuti ndine ndekha wodetsedwa, ndipo kwathu ndi kwa anthu oyera mtima. Tsopano ndinaona kuti anthu ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti kumudzi amafuna munthu mmodzi woti asenze za onse, ndipo wochokera kutali ndiye sasowa.

A kwawo kwa Esinati atagwirizana zobweza chikole, chitenje ndi foni zimene ndinamupatsa pomufunsira, amene anamutuma anali Levisoni. Anandipeza ndikukonza nazale ya fodya. Anaika kamtoloko pansi.

"Alamu," anayamba.

"Dzina limenelo latha, achimwene," ndinamuyankha. "Pitani, musachedwe, angakufunseni zimene timakambirana."

Anapita. Linali Loweruka, pa 9 Novembala, 2013.