Mapira Ofiira a M'mphepete mwa Msewu

Kwathu kwa Lundu mvula timayamba kuiona ili kwa eni ake. Dzuwa likafika poti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, mitambo imadza kuchokera kunyanja ya ku Mozambiki, n'kutidutsa pamutu osapereka n'moni womwe, n'kukakhuthula madzi onse kumapiri a ku Thyolo. Ife timangoona kuli bii kumeneko, ziphaliwali zikung'anima, kwinaku tikupukuta thukuta. Nthawi zina mphepo imabwerera n'kutiwaza timadontho, fumbi n'kununkhira, ana n'kuyamba kuvina pabwalo. Munthu wobadwira m'chigwa sabzalira mvula imeneyo. Amadikira yolowa pansi, yoti ukakumba ndi khasu chinyezi chipitirire chikhatho.

Chaka chimene ndikunenachi, dziko lili pansi pa chipani chimodzi, ndinali ndi ana awiri, ndipo mayi anga anali atangomwalira kumene. Chuma chimene anandisiyira chinali mphika umodzi wa mbewu ya mapira ofiira, aafupi, ocha msanga. Anakawatenga kwa abale awo kutsidya kwa malire nkhondo ya ku Mozambiki isanatseke njira. Mvula ikathawa msanga, monga imachitira kwathu, mapira a anzathu ankauma asanatulutse ngala, ife tikukolola. Mayi anali owolowa manja pa chilichonse kupatula mbewu imeneyi. Sanagawireko munthu, ngakhale mlamu wawo. Ankaisakaniza ndi phulusa, n'kumata mphikawo pakamwa ndi dothi, n'kuukweza patsanja m'khitchini. Inenso ndinachita chimodzimodzi.

Tsoka lathu linali lakuti munda unali m'mphepete mwa msewu waukulu.

Tsiku lina kunawaza kamvula kosakwana n'kutsuka denga komwe. M'mawa mwake a tcheyamani a chipani a m'dera lathu anatulukira ndi achinyamata awo, akuyenda khomo ndi khomo. Ati wailesi yalengeza kuti mvula yayamba m'dziko muno, alimi onse abzale. Ati mlendo wamkulu wa boma adzadutsa pamsewu kudzaona minda, ndipo asadzaone fumbi ayi. Wailesiyo inkalankhulira ku Blantyre, kumene mwina madenga ankadonthadi. Koma a tcheyamani anabadwira pompano, anakula akudya mapira ngati ife tomwe. Ankadziwa. N'chimene chimandiwawa mpaka lero.

Amayi a m'mudzi sanatsutse, popeza masiku amenewo wotsutsa ankanyamulidwa. Anangopita m'nkhokwe n'kusesa mapira ofumbwa otsalira pansi, n'kukawataya m'mapando achinyamata aja akuonerera. Mbewu yeniyeni inakhala pamene inali. Ndinauza bambo a ana anga kuti ifenso tichita zomwezo. Anavomera ndi mutu wokha.

Bamboyu anali wa ku Thyolo, anatsika kudzadula nzimbe kuesiteti n'kukwatira kwathu. Kwawo mvula ikayamba yayamba, sikhala ndi bodza. Zaka zonse anakhala m'chigwa, mtima wake sunakhulupirire kuti mtambo ungamunamize munthu. Komanso nyengo yodula nzimbe inali ikutha, ndipo a tcheyamani anali atamunong'oneza kuti mlendo wosamva za boma salembedwanso ntchito.

Ndisanasese n'komwe nkhokwe, lole inabwera kudzatenga amayi kuti tikaphunzire nyimbo ndi magule olandirira mlendo uja kuboma. Kukana kunalibe. Tinapondaponda fumbi kumeneko mpaka mawu kusasa, mitambo ikudutsa pamwamba kupita kwa eni ake. Nditabwerako ndinalowa m'khitchini kuti ndikoleze moto, n'kupeza zidutswa za dothi louma pansi. Mphika unali pambali pa mafuwa, pakamwa pali pululu.

Ndinamupeza pakhonde akunola chikwanje.

"Bambo a ana, mbewu ya mayi ili kuti?"

"Ndabzala. A tcheyamani anabweranso, anati zofumbwa akuzidziwa, akufuna zomera. Mvula ibwera, taonani kwathuko."

"Kwanuko ndi kwanuko. Mwabzala yonse?"

Anangopitiriza kunola. Ndinamutukwana mawu amene sindingawalembe pano, ndipo sindinawabweze.

Patapita masiku owerengeka kunawazanso kamvula kena, kokwanira kunyenga mbewu. Mapira a mayi anamera onse, osatsala phando ndi limodzi lomwe. Mizere inali biriwiri kuyambira kumsewu mpaka kuchulu. A tcheyamani anabweretsa anthu kudzaona munda wachitsanzo, n'kumanyoza amayi ena amene minda yawo inamera patalipatali. Anandigwira chanza pamaso pa anthu. Ndinamwetulira, chifukwa mano okha ndiwo anali ololedwa kuoneka.

Kenako kumwamba kunayera. Mitambo inkasonkhana masana, kugunda pang'ono, n'kubalalika. Dothi lathu lakuda linayamba kung'ambika. Ndinasenza madzi pamjigo mpaka khosi kuuma, koma ndowa singathirire munda. Kutsidya kwa msewu nzimbe za esiteti zinkasamba madzi a m'mipope tsiku lonse, zili biriwiri. Timapira tanga tinapota masamba, tinafiira, tinagona. Mayi wina wachisena, mnzawo wa malemu mayi, anaima nane m'mundamo, anafukula phando limodzi ndi chala, n'kungoti, "Nkhabe, mwananga. Pyamala," kutanthauza kuti palibe, zatha.

Tsiku la mlendo tinavala nsalu zofanana n'kundanda pamsewu, munda wanga wopsa uli kumbuyo kwathu. Tinaimba mpaka dzuwa kupendeka, ana akulira ludzu kumsana. Mlendo sanafike. Mvula inali itagwa yambiri kumapiri, mtsinje wa Mwanza unadzaza kuno kusanagwe dontho, madzi n'kudutsa pamwamba pa msewu. Galimoto za mlendoyo zinabwerera. A chipani anatiuza kuti tizipita kwathu, tachita bwino.

Mvula yeniyeni inadza Khirisimasi itayandikira. Inayamba mwakachetechete, yopanda mabingu, n'kugwa mpaka nthaka kukhuta. Amayi aja anatsitsa miphika yawo, mudzi wonse unathera kuminda. Ine ndinayenda m'makomo ndi kambale kupempha mbewu, ine mwana wa mayi amene sanagawireko munthu. Ena anandikumbutsa zimenezo asanandipatse. Anandipatsa mapira ataliatali ochedwa kucha, mvula inathawa monga mwa chizolowezi chake, ndipo chaka chimenecho ana anga anadya nyika, mizu ya kakombo, zimene ndinkakazula m'dambo, madzi ali m'chiuno, ndikuyang'anayang'ana ng'ona.

Koma tsiku loyamba la mvula ija sindinapite kulikonse. Ndinakhala pakhonde, mphika wopanda kanthu uli panja ukudzaza madzi a padenga. A tcheyamani anadutsa ndi ambulera yawo, anaima, n'kundifunsa chifukwa chimene ndakhalira pansi anzanga akubzala, ngati sindinamve kuti boma silifuna ulesi. Bambo a ana anali pakhomo, akundikodola ndi maso kuti ndikhale chete.

"Ine ndinabzala kale, a tcheyamani," ndinatero. "Munandigwira chanza. Kakololeni."

Nkhondo itatha ndinawoloka malire kukafunafuna abale a mayi. Mudzi wawo unali utasanduka tchire, ndipo aliyense amene ndinamufunsa za mapira ofiira aafupi ankati anawaona kalekale.