Msodzi Amene Ankamira pa Nsalu

Senderani kuno, tsitsaniko foniyo. Filimu imene mukuti ndi yatsopanoyi, ine ndinaona yakale yake ndili mwana, pa nsalu yoyera imene anapachika pa mtengo wa mango ku Mpanshya. Kunkanunkha dizilo wa injini yoonetsera filimu ndi fumbi.

Mu filimumo munali msodzi amene anamira ndi bwato lake, mkazi wake akuona. M'mawa ine ndi mkulu wanga Tisa tinatola nkhuni, monga timachitira pa maliro, n'kupita nazo kuseri kwa nsaluyo. Tinapezako mbuzi chabe.

"Maliro ali kuti?" Tisa anafunsa ba Njovu, amene ankaliza injini.

"Mubwere madzulo, ana inu, adzamiranso."

Madzulo msodzi uja anali wamoyo, akulowera ku bwato lomwe lija. Tisa anaimirira n'kukuwa, "Atate, musakwere!" Anthu anaseka. Msodzi anakwera, n'kumiranso.

Ba Njovu anapita ku Lusaka ndi injini yawo. Tisa anakwatiwa ku Shikabeta, ndipo anakalamba osapondamo m'bwato. Mukuti m'yatsopanoyi msodziyo amupulumutsa? Achita bwino, koma achedwa. Tisa tinamuika m'manda chilimwe chathachi.