A Bwezagiya ndi Botolo la Petulo

Lachiwiri pa 14 Malichi, cha m'ma 9 koloko m'mawa, a Bwezagiya anachotsedwa ntchito pa sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto pomwe anagwirapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Sanawapatse ngakhale mpando. Kalata anailandira ali chiimire, pakati pa kabati ya mapepala ndi ndowa yokolopera. Anawapatsira ndi mlembi wa mu ofesi, poti mwini sukulu akuti anali atatuluka pang'ono, chonsecho jekete lake linali lokoleka kuseri kwa chitseko ndipo tiyi wake ankafuka nthunzi pa tebulo. Kalatayo inali ya mizere isanu. Inati iwo anachititsa ngozi chifukwa cha ukalamba ndi kusasamala, ndipo ina yonga yomweyo yatumizidwa ku ofesi yomwe imapereka ziphaso za aphunzitsi a galimoto.

Ntchito imatha, izo a Bwezagiya akudziwa. Chimene chikuwasowetsa tulo ndi kalata yachiwiriyo. Ofesi ija ikaikhulupirira, iwalanda chiphaso, ndipo munthu amene anaphunzitsa theka la oyendetsa galimoto a m'tauni muno adzalembedwa m'buku kuti anali wosasamala.

Dzina la Bwezagiya linachokera pa mtsetse. Msewu wophunzitsira umachoka pa geti la sukulu, kukwera mpaka pa thanki ya madzi, kenako n'kutsetsereka ulendo wautali mpaka pa msika, pomwe umakhotera kumanja. Pokhoterapo pali siteji ya basi, amayi ogulitsa tomato, ndi ngalande yakuya kumanzere. Wophunzira aliyense akafika pa thanki paja ankamva mawu omwewo, otsika, osafulumira: “Bwezani giya. Injini ikugwirireni galimoto.” Anawanena kwa ansembe, kwa anamwino, kwa asilikali, ngakhale kwa woweruza milandu wina amene sankakonda kuuzidwa zochita. Ndi bambo wamfupi, wa imvi za m'mbali, womanga tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Amayenda ndi kapilo kawo ka pampando, komanso rula ya thabwa yogogodera bondo la wophunzira amene phazi lake laiwala ntchito. Madalaivala a minibasi akawaona amatulutsa mutu pawindo n'kukuwa dzinalo, ndipo iwo amangokweza rula ija osatembenuka.

Anthu ankangoti ndi nkhambakamwa za munthu wokonda malamulo. Sankadziwa za lole. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, a Bwezagiya ankayendetsa lole ya simenti. Masiku amenewo madalaivala anali ndi kachizolowezi kozimitsa injini potsika mapiri, kuti mafuta otsala azigulitsa m'njira. Tsiku lina anatenga mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene ankapita kukafunsira ntchito. Pamwamba pa phiri anachotsa giya, n'kuzimitsa injini. Mabuleki a lole amagwira ndi mpweya, ndipo mpweyawo umapopedwa ndi injini. Pofika pakati pa phiri mpweya unali utatha. Mlamu uja anadumpha, n'kufera pomwepo. Iwo anakakamira chiwongolero ndipo anatuluka ndi bala la pachipumi lokha. Apolisi analemba kuti mabuleki anaduka. Palibe anawafunsa china, ndipo iwo sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Anangosiya malole, n'kuyamba kugogoda mawondo a anthu ndi rula.

Ndiye kunabwera kukwera kwa petulo. Anakwera katatu chaka chimodzi, ndipo ulendo uliwonse wailesi inkafotokoza mokoma kuti gawo lina la mtengowo ndi msonkho wokonzera misewu. Dzenje la pokhotera pa msika paja liripobe. Linayamba kale kuposa wolengeza nkhaniyo, ndipo likuoneka kuti lidzamuika m'manda. Eni magalimoto anayamba nzeru zaumphawi. Ena anatsitsa tayala lapadera kuti galimoto ipepuke, ena ankapopa matayala mpaka kulimba ngati mwala, ena ankagula petulo wa m'botolo la zakumwa ngati mankhwala a chifuwa. Koma nzeru imene inafala ngati chimfine ndi ija ya pa lole. Mtsetse wa ku msika unangoti zii. Minibasi zinkatsika mwakachetechete zitadzaza ana a sukulu. Ngakhale galimoto ya maliro inkatsika itazimitsa injini, mwina pofuna kufanana ndi wokweramo.

Mwini sukulu ndi munthu amene a Bwezagiya anamuphunzitsa okha. Kumbali anthu amamutchula kuti Kasanu, chifukwa analephera mayeso oyendetsa kasanu, ndipo ulendo wachitatu anagunda njinga ya woyesayo ili chiimire pansi pa mtengo. Atalemera ndi malonda a matayala akale anagula sukuluyi. Chaka choyamba ankawatchula a Bwezagiya kuti aphunzitsi. Chachiwiri anayamba kuti akuluakulu. Petulo atakwera anafika pa madala.

Kasanu ndiye anabweretsa botolo. Ankakayikira kuti aphunzitsi akumapopa petulo m'mathanki, choncho anaitana makaniko kuti adule mapaipi a mathanki onse. Magalimoto a pasukulupa ndi akalekale, savuta kuwachita zotere. Pansi pa boneti iliyonse anamangirira ndi mphira botolo la mafuta ophikira, lokhala ndi kapaipi kopita ku injini ndi mzere wakuda wojambula ndi inki. Phunziro limodzi, botolo limodzi, lothiridwa kulekeza pa mzere. Mzerewo anaujambula mochenjera. Ukazimitsa injini pa mtsetse, petulo ankakufikitsa pa geti. Ukatsika ndi giya monga mwa lamulo, galimoto inkatsokomola n'kuzima pa shopu ya wometa tsitsi, mtunda wa mapazi mazana awiri geti lisanafike.

Aphunzitsi enawo sanachedwe kumva chimene mzerewo unkanena. Patsogolo panali Wamagalasi, mphunzitsi wovala magalasi akuda ngakhale kukugwa mvula, amene ankabweza botolo lili ndi kotsala, n'kumalinyamula m'mwamba ngati chikho cha mpira. A Bwezagiya anakana. Pa msonkhano wa Lolemba anaimirira n'kufotokoza kuti injini ikazima, mabuleki amamvera kawiri kokha, kachitatu amauma ngati njerwa, ndipo kiyi akapotozedwa mpaka kumapeto chiwongolero chimatseka. Anati petulo wopulumutsidwa pa mtsetsewo sangadzaze kapu ya tiyi. Kasanu anawayankha akusewera ndi foni kuti petulo si madzi a pachitsime, anzawo akukwanitsa, kapena iwo amamwako? Anthu anaseka. A Bwezagiya anadikira kuti kuseka kuthe, n'kupempha kuti ngati sukulu ikufuna ophunzira azizimitsa injini pa mtsetse, ilembe zimenezo pa pepala ndi kusainira.

“Madala, ine sindinauze munthu kuti azizimitsa,” anatero Kasanu. “Ine ndangoti botolo lizikwana.”

Kuyambira pamenepo a Bwezagiya anasanduka chionetsero cha msewu. Kanayi pa tsiku galimoto yawo inkazima pa shopu ya wometa, iwo n'kutsika, kupinda manja a malaya, kuponyera tayi kumsana, n'kuyamba kukankha, wophunzira ali pa chiwongolero. Wometa uja ankaimitsa makina ake n'kufunsa ngati giya yachisanu ndi chimodzi ndi imeneyo. Makasitomala ake ankati sukuluyi ndi yabwino, imaphunzitsa ndi kukankha komwe. Kwa kanthawi a Bwezagiya ankayenda ndi kabotolo ka mankhwala m'thumba, momwe ankathiramo petulo wogula okha, mpaka akazi awo anadandaula kuti mathalauza onse akununkha ndipo tsiku lina adzayaka akusita. Anasiya, n'kubwerera ku kukankha. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri.

Mwezi wa Febuluwale kunabwera wophunzira wina, mayi wogulitsa mazira. Amuna awo anamwalira n'kusiya pikapu, ndipo dalaivala amene anamulemba ankaswa mazira ambiri kuposa amene ankafika ku msika. Anali mayi wa zaka za m'ma 50, wamantha, wogwira chiwongolero ngati akupha njoka, koma womvera kwambiri. Chimene wauzidwa ankachita ndendende, n'kuonjezera pang'ono kuti asangalatse mphunzitsi. A Bwezagiya anawaphunzitsa masabata awiri, ndipo tsiku lililonse mayiwo ankakhala pa chiwongolero misozi ili m'maso, akuonera pa galasi bambo wa imvi akuwakankha. Sabata yachitatu galimoto ya a Bwezagiya inali ku galaja, choncho mayiwo anapatsidwa kwa Wamagalasi. Anabwerera kwa mphunzitsi wawo Lachisanu pa 10 Malichi.

Tsiku limenelo anakwera bwinobwino mpaka pa thanki ya madzi. A Bwezagiya anayamba mawu awo a masiku onse, koma asanafike pa liwu lachiwiri anamva injini yati zii. Mayi aja anali atachotsa giya n'kupotoza kiyi. Wamagalasi akamazimitsa amapotoza pang'ono chabe, koma zimenezo sanafotokoze. Mayiwo anapotoza mpaka kumapeto, kiyi n'kutsalira m'manja mwawo. Chiwongolero chinati khethe, n'kutseka.

Galimoto inayamba kuthamanga. A Bwezagiya anaponda buleki ya mbali yawo, inamvera. Anapondanso, inamvera pang'ono. Kachitatu inauma. Anauza mayiwo kuti abwezere kiyi, koma kiyi anawapulumuka n'kugwera pansi pa mpando. Kutsogolo kunali siteji ya basi, ndipo anthu sankamva kanthu chifukwa galimoto yozima siichenjeza. A Bwezagiya sanakuwe. Anaponda buleki youmayo ndi mphamvu zonse za mwendo, n'kumakoka buleki ya pamanja pang'onopang'ono, kukoka ndi kumasula, kuti matayala akumbuyo asaterereke. Msewu utayamba kukhotera kumanja, galimoto yosatheka kukhotetsayo inapita molunjika, matayala akumanzere n'kugwera m'ngalande. Inakwekwesa khoma la ngalandeyo ndi nthiti zake mpaka inaima, patatsala mapazi khumi kufika pa mabeseni a tomato.

Palibe anavulala, kupatula phewa la a Bwezagiya. Fumbi litatsika, mayi aja anatembenukira kwa mphunzitsi wawo.

“Aphunzitsi, ndimafuna lero musakankhe,” anatero. “Zimandimvetsa chisoni.”

Kasanu anafika ndi galimoto yake yatsopano, n'kuyamba wayang'ana chitseko chophwanyika asanayang'ane munthu. Wamagalasi analumbira kuti sanaphunzitsepo aliyense zozimitsa injini, mwina mayiwo anaonera ku minibasi. Mayiwo atanena zoona zake mu ofesi, anauzidwa kuti mutu wawo unali usanakhazikike, apite akapume, maphunziro otsalawo adzachita mwaulere. Botolo lija linachotsedwa pansi pa boneti galimoto isanakokedwe. Lachiwiri kunatuluka kalata.

Madzulo a tsikulo akazi awo a a Bwezagiya ankawathowa phewa ndi madzi otentha pabalaza, pansi pa chithunzi cha mchimwene wawo uja chimene chakhala pakhoma zaka makumi anayi. Ankawalimbitsa mtima kuti Mulungu akudziwa, iwo ndi munthu amene sanaphepo ngakhale nkhuku pa msewu, ngozi imodzi yokha ija inali ya mabuleki. A Bwezagiya anayang'ana chithunzicho.

“Mayi, mabuleki aja sanaduke,” anatero. “Ndinazimitsa injini ndine. Ngozi yanga ndinachita kale, ndipo palibe anandifunsa. Iyi yokha si yanga.”

Akazi awo anafinya kansalu kaja, n'kukayanika pa mpando. Anatsitsa chithunzi pakhoma, kupita nacho kuchipinda, n'kutseka chitseko. Masiku atatu tiyi ankangofika pa tebulo popanda mawu. Tsiku lachinayi a Bwezagiya anapeza malaya oyera ndi tayi zitasitidwa, zili pa bedi. Mawu sanabwererebe onse mpaka lero, ndipo mwina sadzabwerera. Pakhoma patsala msomali ndi malo oyera a makona anayi.

Anavala malayawo n'kupita ku ofesi ya ziphaso wapansi, ndi kalata yawo ya masamba anayi. Analembamo zonse, za botolo, za mzere wakuda, za kiyi, ndi za lole zomwe, kuti wowerenga adziwe chifukwa chake munthu ameneyu sangauze wophunzira kuti azimitse injini. Mayi wa mazira anapita nawo, atavala zovala za kutchalitchi, n'kusainira pansi pake. A mu ofesimo anawadindira chidindo n'kuwauza kuti adikire. Akudikirabe. Kwa Kasanu alembako makalata atatu, onse osayankhidwa, ndipo mlembi akawaona pa geti amathamangira kukachotsa jekete kuseri kwa chitseko.

Pakadali pano mabotolo akadali pansi pa maboneti. M'mawa uliwonse magalimoto a sukuluyi amatsika mtsetse wa ku msika mwakachetechete, ophunzira ali pa chiwongolero, ndipo amayi a tomato anasunthira mabeseni awo kuseri kwa siteji. Wometa tsitsi anasiya nthabwala. Akuti msewu wayamba kumuopsa chifukwa palibenso amene akukankha.

A Bwezagiya sakupempha ntchito yawo. Sakupemphanso chipepeso, poti akudziwa kuti munthu amene analephera kasanu kubwerera m'mbuyo ndi galimoto sangabwerere m'mbuyo ndi pakamwa. Akufuna chinthu chimodzi. Kasanu athire yekha petulo kulekeza pa mzere wake wakuda uja, akhale pa chiwongolero, munthu wa ku ofesi ya ziphaso ali pambali pake, azungulire njira yonse injini ikulira, tione ngati akafike pa geti. Ngati sangafike, ayankhe polemba, asainire ndi dzanja lake: mayi wa mazira anaphunzira kwa ndani kuzimitsa injini pa mtsetse, ndipo wosasamala pa sukulu imeneyi ndi ndani?