Kaundula Amene Chiswe Sichidadye

Dandaulo langa loyamba ndidalipereka Lamulungu lachiwiri pambuyo pa Pasaka, chaka chimene tidasintha malata a tchalitchi chathu. Ndidalipereka pamanja kwa mlembi wa mpingo, mapemphero atangotha, anthu akuona. Dandaulo lachiwiri ndidalemba titakolola chimanga, lachitatu mvula itayamba. Makope a makalata onsewa ndili nawo. Yankho lolembedwa sindidalandire mpaka lero. Choncho ndaganiza zolemba nkhani yonse mwatsatanetsatane, kuti pasakhale wina wonena kuti sadamve chimene ndikudandaula.

Ine ndidali kalaliki pa kampani ina yogula mbewu pa boma la Ntcheu. Ndidagwira ntchito pamenepo kuyambira ana anga ali pamsana mpaka wamkulu atakwatiwa, ndipo palibe tsiku limene pepala lidasowa m'manja mwanga. Kampaniyo itagula makompyuta, adandipatsa kalata ya mizere itatu yondiuza kuti ntchito yanga yatha. Kalatayo ndili nayo. Idalibe ngakhale mawu oti zikomo.

Tidasamuka pa boma n'kubwerera kwawo kwa mayi a kunyumba, kumapiri a cha ku Nzama, kumene ine ndine mkamwini. Miyezi yoyamba ndinkalimba mtima. Lolemba lililonse ndinkavala tayi n'kutsikira ku boma ndi makalata ofunsira ntchito. Ena ankandiuza kuti ndakula, ena ankafunsa ngati ndimadziwa kompyuta, ena ankangolandira kalatayo n'kuiika pansi pa kapu ya tiyi ine ndikuona. Kenako ndidasiya kutsikira ku boma. Ndidasiyanso kupita ku tchalitchi, chifukwa panja pa tchalitchi aliyense ankafunsa funso limodzi: "Nanga zantchito zija?" Ankafunsa mwachikondi, koma ine ndinkabwerera kunyumba ngati andivula malaya pamsika.

Kupemphera nakonso kudandikanika. Ndinkagwada, mawu osabwera. Ndidasiya kumeta ndevu. Mayi a kunyumba akapita kudimba, ine ndinkakhala m'chipinda, zenera lotseka, ndikuwerenga makope a makalata anga omwe. Tsiku lina ndidaona kuti botolo la mankhwala opopera kachewere, limene linkakhala pamwamba pa khoma, palibe. Nditawafunsa mayi a kunyumba adati, "Ndawabwereka achemwali." Achemwali awowo salima kachewere. Sindidafunsenso. Tonse awiri tidadziwa chimene adachichotsera pamenepo.

Sabata yomweyo kudabwera mkulu wa mpingo wa dera lathu, munthu wamfupi wokonda nthabwala, amene tidasewera naye mpira tili anyamata. Adakana kukhala pa mpando.

"Akalaliki, mpingo wagwa m'mavuto," adatero. "Chiswe chadya kaundula."

"Kaundula wake uti?"

"Wa akhristu onse. Maina, ubatizo, maukwati, zonse. Changosiya chikuto. Abusa akufuna wina woti ayende nyumba ndi nyumba, alembenso. Tafufuza, koma amene tili nawo akalemba, amalephera kuwerenga okha zimene alemba."

Ndidati sindikupeza bwino m'thupi.

"Ndikuona ndevuzo," adayankha. "Ngati mwakana, tipatsa mphwanu uja woimbitsa kwaya."

Woimbitsa kwayayo ndinkamudziwa kalembedwe kake. Ndidakwiya kwambiri moti m'mawa mwake ndidameta, n'kukatenga buku latsopano ndi zolembera ziwiri.

Ntchitoyo idanditengera miyezi isanu ndi iwiri, wapansi. Ndidayamba nthawi ya chisanu, mitambo itakuta mapiri, ndidamaliza anthu akubzala. Malipiro padalibe, ndipo sindidawapemphe. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindidachiganizire poyamba. Kwathu kuno mlendo wa mpingo akalowa m'nyumba, salankhula za chimene wabwerera asanapemphere. Ine ndinkati, "Eni nyumba, tipemphereni," chifukwa ndekha sindikadatha. Ndiye eni nyumba ankapemphera, ndipo popemphera ankatchula mlendo wawo. Ankapempherera miyendo yanga, maso anga, banja langa. Ena ankati, "Ambuye, mukudziwa chimene mtumiki wanuyu akusowa," osatchula ntchito. Munthu amene ndidalephera kudzipempherera ndekha ndidapemphereredwa m'nyumba iliyonse ya mpingo wathu, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku.

Ndidalowa m'nyumba zimene ndikadakhala kalaliki sindikadazipondamo. Ndidalemba bambo wina amene adabwerera kuchokera ku Joni ndi chikwama cha pulasitiki chokha, ndipo adandilandira ndi thobwa akuseka. Kutsidya kwa mtsinje ndidapeza mayi wina wokalamba, wosaona, amene ankakhala yekha. Nditamufunsa chaka chimene adabatizidwa, adati, "Chaka chake sindikudziwa, bambo, koma madzi ake adali ozizira." Adandigwira dzanja n'kupapasa zala zanga.

"Manja osalalawa ndi a ndani? Simulima inu?"

"Ndidali kalaliki, mayi. Ntchito idatha."

"Yatha bwanji, si uyu mukundilemba? Lembani bwino dzinalo, lisakapotoke. Ine Mwini wake amandidziwa kale, koma nawonso apansi pano andidziwe."

Tsiku limenelo, ndikukwera chitunda pobwerera, ndidazindikira kuti milomo yanga ikuyenda yokha. Ndinkapemphera. Silidali pemphero lokonzeka bwino, ndinkangoti zikomo, zikomo, ndikupuma mwawefuwefu. Lamulungu lotsatira ndidakhala pa benchi langa lakale m'tchalitchi. Adandifunsa za ntchito monga mwa masiku onse, ine ndidayankha kuti ndatanganidwa ndi kaundula, ndipo zidali zoona.

Ndinene mosabisa kuti ntchito ya mu ofesi sindidaipezenso. Ndidaphunzira kulima kachewere kwa mayi a kunyumba, amene adandiseka chaka chonse chifukwa ndinkayeza mizere ndi chingwe. Tidadya, ana otsala adamaliza sukulu, ndipo ndili moyo. Pa zonsezi ndimayamika Mulungu m'mawa uliwonse.

Tsopano ndifike pa dandaulo.

Chaka chimene tinkasintha malata, tidatulutsa katundu yense wa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi kuti asagwere fumbi. Ine adandipatsa ntchito yolemba chilichonse chotuluka. Pansi pa bokosi lachitsulo ndidapeza chinthu chokulungidwa m'thumba la feteleza, chomangidwa ndi luzi. Nditamasula, adali kaundula wakale. Wathunthu. Tsamba lililonse lili m'malo mwake, popanda ngakhale kabowo kamodzi.

Ndidaunyamula mpaka pamene mkulu wa mpingo uja ankawongola misomali yakale pamwala.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

Adayang'ana bukulo, adayang'ana ine, n'kubwerera ku msomali wake.

"Likuoneka ngati buku."

"Mudati chiswe chidadya!"

"Ndiye kuti chidalapa n'kubweza. Si chiswe cha pa tchalitchi? Maulaliki onse aja chimamva nawo."

Amisiri amene adali padenga adaseka mpaka mmodzi adagwetsa nyundo. Ine sindidaseke. Mkulu wa mpingo adabwera pakhomo panga n'kunena bodza maso ali gwa. Ndidayenda miyezi isanu ndi iwiri, nsapato ziwiri zidatha, kulemba buku limene lidalipo kale. Ndidamufunsa kuti adayambitsa zimenezi ndani. Adati iye adangotumidwa. Mlembi wa mpingo adati nthawi imeneyo adali asanasankhidwe. Abusa a nthawiyo adasamutsidwa kale. Ndidafufuza m'buku la zokambirana za akulu a mpingo, ndipo pa mwezi umenewo padangolembedwa kuti, "Nkhani ya kaundula: tagwirizana." Kalembedwe kotere ine sindikadakalola.

Kunyumba ndidafunsa mayi a kunyumba akusenda kachewere.

"Kodi inu mudadziwapo kanthu pa nkhani ya chiswe ija?"

"Ine ndine mkulu wa mpingo?"

"Sindidafunse zimenezo."

"Bambo, chotsani mapepala anuwo pamphasa, ndikufuna kuyanikapo ufa."

Mpeni sudaime m'manja mwawo, koma sadandiyang'ane.

Chimene chidandipweteka mtima kwambiri n'chakuti mwina ntchito yonse ija idali yongondisangalatsa, ngati mmene timapatsira mwana chitsononkho kuti asalire. Ndidatenga mabuku onse awiri n'kuwafananiza dzina ndi dzina kwa masabata awiri. M'buku lakale mudali anthu amene tidawaika m'manda kalekale, akuwerengedwabe ngati amoyo. Mabanja ena adalembedwa kawiri. Mayi wosaona uja, amene adakhala mkhristu moyo wake wonse, m'buku lakale mudalibe dzina lake. Atamwalira, mbiri yake pamaliro adaiwerenga kuchokera m'buku langa. Pamenepo mtima udakhalako pansi. Koma bodza likadali bodza, ndipo amene adalipeka sadaonekebe.

Ndifotokoze chifukwa chake sindikuisiya nkhaniyi. Pali munthu wina mumpingo muno amene adandiona ndikumira, amene ankandidziwa bwino kwambiri moti adadziwa kuti akandibweretsera ufa ndiubweza, akandilalikira ndimutsekera chitseko, koma akandiuza kuti buku lilembedwa ndi woimbitsa kwaya ndidzuka. Mulungu adagwiritsa ntchito munthu ameneyo, ndipo ine sindidamuthokozepo. Mkulu wa mpingo uja tsopano akuyenda ndi ndodo, chaka chatha adagonekedwa kuchipatala kawiri. Inenso maso ayamba kuchita mdima. Amene akudziwa akutha mmodzimmodzi. Ngati ali munthu amene ndimadya naye mbale imodzi, ndiye kuti ndakhala naye zaka zonsezi osamuuza mawu amene amayenera kumva, ndipo iye sadzavomera pokhapokha mpingo utanena.

Choncho, mwaulemu wonse, ndikupempha bwalo la akulu a mpingo kuti pa msonkhano wake ukubwerawu likambirane nkhaniyi ndi kundiyankha molemba. Lilembe m'buku la zokambirana kuti chiswe sichidadye kaundula. Linditchulirenso dzina la munthu amene adaganiza zonena kuti chidadya. Ndikulonjeza kuti sindidzamuimba mlandu uliwonse. Ndikungopempha mphindi zisanu Lamulungu lina, zolengeza zikatha, kuti ndiimirire pamaso pa mpingo wonse, ndimutchule dzina, ndimuuze kuti zikomo iye akumva. Ndikudikira yankho lanu.