Ndinaphunzira M'dzina la Mng'ono Wanga

Inu adzukulu anga, ndi inu adzukulu a mng'ono wanga, amene tsopano mwafika pa msinkhu wolemba mayeso, nkhaniyi ndalembera inu. Ena mwa inu munali nane pa maliro aja ku Zingwangwa, pamene nkhalamba ina yoyendera ndodo inandigwira dzanja ndi kunditchula dzina la mng'ono wanga, ine ndi kuvomera. Munayang'anana, ndipo ndinaona pa nkhope zanu kuti mukuti ukalamba watisokoneza tonse awiri. Nkhalambayo sinalakwitse. Tinakhala pa desiki limodzi zaka zinayi ku sekondale, ndipo dzina limenelo ndilo inkandidziwa nalo. Ndi bwino mumve kwa ine ndikadali ndi mpweya, kusiyana ndi kudzatola zidutswa kwa anthu a m'njira.

Tinakulira ku Chilomoni, chakumtunda, kumene njira imayamba kulimbana ndi phiri. Bambo anali telala, ndipo makina awo ankakhala pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Ana aamuna tinali awiri, ine ndi mng'ono wanga wondichepera zaka zinayi. Sukulu yathu inali ya mishoni, ya njerwa zootcha, belu lake chitsulo cha njanji chopachikidwa pa mtengo wa mango. Masiku amenewo mwana sankalandiridwa kusukulu pongotchula zaka zake. Ankamuuza kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu ndi kugwira khutu la mbali inayo. Mng'ono wanga anali wamfupi, ndipo anabwezedwa zaka zingapo zala zikuthera pa tsitsi. Chotero anayamba sukulu mochedwa.

Muyenera kudziwa kuti kukhoza mayeso a Sitandade 8 kunali kwina, kusankhidwa kupita ku sekondale kunalinso kwina. Malo anali ochepa kwambiri. Ine ndinakhoza kawiri, ndipo kawiri konseko ndinaima pa chitseko cha ofesi ya aphunzitsi aakulu, kutsetsereka ndi chala pa mndandanda wa osankhidwa mpaka pepala kutha. M'makomo monse munkamveka kuti obwereza ndi okula msinkhu amaikidwa pambali. Ngati linalidi lamulo kapena mphekesera chabe, panalibe wodziwa, koma aliyense ankakhulupirira. Nchifukwa chake mabanja ambiri ankachita chimodzimodzi: mwana wobwereza ankasamuka sukulu, nkukalembetsa ndi dzina lina ndi zaka zocheperako. Umboni wa dzina ndi zaka unali khadi la ubatizo.

Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, bambo anatsegula chitini chimene ankasungamo mapepala a banja, natulutsa khadi la mng'ono wanga.

"Upita ku Bangwe kwa amalume ako," anandiuza. "Kumeneko sakudziwa. Uloweze dzina ili ndi tsiku lobadwa ili."

Mayi anasiya kusankha nyemba. "Nanga mwini dzinalo akadzakula?"

"Mwini wake ali Sitandade 3, akadali kuwerengera zala. Akadzafika kumeneko tidzaona. Inetu masiku onse kabudula wa mkulu ndimachepetsera mng'ono. Lero lokha wa mng'ono tikulitsire mkulu, palakwika chiyani?"

Mayi anabwerera ku nyemba zawo. Ine ndinalandira khadilo ndi manja awiri. Ndinene zoona: mtima wanga sunanditsutse konse tsiku limenelo. Ndinkafuna sekondale monga waludzu afunira madzi, ndipo dzina ndinaliona ngati chinthu chopepuka.

Aphunzitsi aakulu a ku Bangwe anali munthu wamtali, wowonda, wolankhula pang'onopang'ono. Anawerenga khadilo, nandiyang'ana pa chibwano kwa nthawi yaitali.

"Zaka khumi ndi zitatu," anatero. "Kwanu mumadya bwino."

Kenaka anatembenuza khadilo, naika chidindo cha sukulu kumbuyo kwake, nalembapo nambala yanga ya mayeso ndi dzanja lawo. Chaka chonsecho ndinkameta ndevu Lolemba lililonse ndi lezala la amalume. Masabata oyambirira aphunzitsi akamaitana mayina m'kaundula ndinkakhala duu, mpaka mnzanga kundigunda ndi chigongono. Pamapeto pa chaka dzinalo linatuluka pa mndandanda wa osankhidwa.

Za ku sekondale sinditaya nazo nthawi. Ndinalimbikira, ndipo ndinakhoza. Chimene ndikumbukira kwambiri ndi maholide. Mayi akaitana dzinalo ali kuseri kwa nyumba, tonse awiri tinkavomera. Mng'ono wanga anasandutsa nkhaniyi nthabwala.

"Achimwene, ndamva kuti ndili Fomu 2. Zikundiyendera bwanji kumeneko?"

"Masamu ukukhoza. Chingerezi ukupunduka nacho."

"Mundilimbikitseko ndithu. Musandichititse manyazi kwa anthu osandidziwa."

Tinkaseka, bambo nawonso ankaseka. Mayi okha ndiwo sankaseka.

Nditamaliza Fomu 4 ndinapeza ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yogulitsa malata, simenti ndi zitsulo. Bambo anandisokera mashati awiri oyera. M'mawa ndikamatsika ku Chilomoni nditamanga tayi, amayi a pa mpopi ankandipatsa moni wa ulemu umene kale ankapatsa aphunzitsi okha. Chaka chomwecho mng'ono wanga analowa Sitandade 8, ndipo kuyambira Sitandade 4 anali asanatsikepo pa nambala wani.

Tsono mishoni inasamutsa aphunzitsi, monga inkachitira nthawi ndi nthawi, ndipo aphunzitsi aakulu a ku Bangwe aja anabwera pa sukulu yathu ya ku Chilomoni. Nthawi yolembetsa mayeso itafika, ana anauzidwa kuti abwere ndi makadi awo. Mng'ono wanga anapereka lake. Aphunzitsi aakuluwo analitembenuza, napeza chidindo chawo ndi zolemba za dzanja lawo lomwe. Anamubwezera khadilo ndi mawu akuti: "Munthu uyu ndinamulembetsa kale, ndipo anasankhidwa. Sindingalembetse munthu mmodzi kawiri. Ukawauze bambo ako kuti kulembetsa kutsekedwa Lachisanu la sabata yamawa."

Bambo sanagwe mphwayi. Anati khadi langa silingathandize, popeza linali ndi zaka zambiri ndi mbiri yobwereza. Koma amalume a ku Bangwe anali ndi mwana wamwamuna wa Sitandade 2, ndipo khadi lake likanatheka kubwerekedwa, mnyamatayo nkukalembetsa ku sukulu ina ku Ndirande.

"Ndiye iyeyo akadzakula adzabwereka la yani?" anafunsa mng'ono wanga.

"Iwe, usandiyankhe ngati mnzako."

"Pepani, ababa. Koma ine dzina la mwana wa amalume sindilembera mayeso. Ngati langa linatha ntchito, basi, mundiphunzitse makina."

Sanakweze mawu, sanalire. M'mawa mwake anapinda yunifolomu yake, naiika m'chikwama, natsatira bambo ku khonde.

Tsiku lachitatu ndikuchokera kuntchito ndinamupeza ali pansi pa khondelo, buluku la munthu wina lili pa maondo, akusoka mabatani. Bambo anali atalowa m'sitolo kukagula ulusi. Ndinaima patsogolo pake ndi tayi yanga.

"Mphwanga, ungovomera zimene akunena ababa. Ndi pa pepala pokha."

Anadula ulusi ndi mano. "Kwa inu panali pa pepala pokha?"

Ndinakonzakonza tayi yanga.

"Musadandaule, achimwene," anatero akulowetsa ulusi wina m'singano. "Inetu ndinamaliza kale Fomu 4, ndipo ndili pa ntchito yabwino m'tauni. Awa ndi masewera chabe."

Nthabwala yake inali yomwe ija, koma tsiku limenelo sanaseke, inenso sindinaseke. Ndinakwera phiri kupita kunyumba, ndipo pofika pakhomo ndinali nditamanga mfundo: dzinalo ndilibweza, zivute zitani.

Bambo atamva anapsa mtima monga ndinali ndisanawaonerepo. "Ukufuna kugwetsa nyumba imene tangoika denga? Ndani ku Chilomoni kuno amene sanachitepo zimenezi? Ukaulula, satifiketi yapita, ntchito yapita. Ndiye tidzati taphunzitsa yani?"

"Mudzati mwaphunzitsa awiri, ababa. Ine zimene zili m'mutumu sangandilande."

"Zam'mutu sapachika pa khoma."

M'mawa ndinapempha chilolezo kuntchito, ndi kupita kusukulu. Aphunzitsi aakulu anandizindikira ndisanalankhule.

"Lowani, khalani pansi, a... Kodi lero ndikutchuleni ndani?"

Ndinawauza dzina langa lenileni, ndi zonse monga zinayendera. Anamvetsera manja atapinda pa tebulo.

"Chibwano chanu chinandiuza kale ku Bangwe," anatero, "koma ndinatseka maso, pakuti ndinaona kuti muli ndi mutu. Chotero mlanduwu nanenso uli nane. Mulembe kalata ndi dzanja lanu, bambo anu asainire, ndipo mubwere ndi masatifiketi onse amene ali m'dzina la mwanayu. Tipita limodzi kwa abusa oyang'anira masukulu a mishoni. Sindikulonjezani kuti mapepalawo mudzawaonanso. Za kuntchito mwaganizira?"

"Ndaganizira."

"Ganizaninso. Muli ndi masiku."

"Masikuwo ndi a mng'ono wanga, aphunzitsi."

Kalatayo ndinailemba tsiku lomwelo, koma bambo anakana kusaina. Inakhala pa tebulo masiku atatu. Lolemba m'mawa mayi anaitenga, natsika nayo okha ku msika, chinthu chimene sankachita, naiyala pa makina pamene bambo amadutsitsa nsalu, naima pomwepo manja ali kumbuyo. Makasitomala awiri anali kudikira pa benchi. Mayi sanasunthe. Bambo anayesa kusoka pambali pa pepalalo, zinakanika. Potsiriza anatenga cholembera chimene ankalembera miyezo, nasaina.

Lachitatu tinapita kwa abusa. Anandidzudzula mokwanira, natenga masatifiketi anga atatu ndi kuwatumiza kumene anayenera kupita, sindinawaonenso. Lachinayi dzina la mng'ono wanga linalowa pa mndandanda wa olemba mayeso, ndipo Lachisanu anavalanso yunifolomu.

Kunatsala kuntchito. Mkulu wa makalaliki anali munthu wonenepa, wokonda kuseka, ndipo ankandikonda. Anamvetsera, navula magalasi.

"Ndiye mukundiuza kuti munthu amene tinamulemba ntchito ali Sitandade 8 ku Chilomoni?"

"Inde, bwana."

"Nanga amene wakhala akutilembera makalata ndani?"

"Ine, bwana. Wa Sitandade 8 nayenso."

Anaseka pang'ono, kenaka kuseka kunatha. Anati pa desiki sindingakhalenso popanda pepala, ndipo zimenezo zinali pamwamba pa mphamvu zake. Koma kubwalo, kumene amakweza ndi kutsitsa katundu, kunali malo amodzi. Anaganiza kuti ndikana chifukwa cha manyazi. Ndinafunsa ola loyambira.

Zaka zitatu ndinasenza matumba a simenti ndi malata, kudutsa pansi pa zenera lomwe ndinkakhalapo. Anzanga atsopanowo sanandisiye.

"Abwana kalaliki, tayi mwaiwala kunyumba?"

"Ndaichapa. Gwirani uko, lata likugwa."

"Musenze mwa Chingerezi, tione."

Patapita miyezi anatopa nazo, ndipo ena mwa iwo anayamba kundibweretsera makalata akumudzi kuti ndiwawerengere pa nthawi ya nkhomaliro. Mapewa anachita zikang'a. Kunyumba bambo anakhala pafupifupi chaka akundilankhula kudzera mwa mayi. Ine ndinalembetsa mayeso monga wophunzira payekha, ndi kuyambiranso pa a Fomu 2. Ndinkawerenga pa nkhomaliro, Loweruka masana, ndi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. M'chipinda cha mayeso ndinali wamkulu kuposa onse, ndipo woyang'anira wina anandipatsa moni poganiza kuti ndine mnzake. Polemba dzina langa pamwamba pa pepala ndinayenda pang'onopang'ono, pakuti dzanja linali litazolowera lina lija.

Musaganize kuti zonse zinawongoka msanga chifukwa choti ndinachita choyenera. Mng'ono wanga analemba mayeso ake, nakhoza bwino, koma sanasankhidwe. Tsiku limenelo bambo anangonena kuti, "Mwaonatu," napondaponda makina mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinadya mutu masiku ambiri, ndikudzifunsa ngati sindinataye zanga pachabe. Koma mnyamatayo anabwerera ku sukulu yomweyo, kwa aphunzitsi omwewo, ndi dzina lomwelo, ngakhale aliyense ankamuuza kuti wobwereza sasankhidwa. Chaka chachiwiri anasankhidwa. Anathamanga wapansi kuchokera ku Chilomoni kudzandiuza kubwalo, nandipeza thumba lili pa phewa, nkhope yoyera ndi simenti. Sanathe kulankhula chifukwa cha befu, anangogwedeza mutu. Ndinakafikitsa thumbalo pa lole kaye, chifukwa kapitawo anali kuyang'ana, ndipo kenaka ndinakhala pansi.

Iye anadzakhala mphunzitsi, monga mudziwa. Ine ndinakhoza Fomu 4 kachiwiri ndili ndi mkazi ndi mwana mmodzi, ndipo ndinapeza ukalaliki pa kampani ina, kumene ndinagwira mpaka kupuma. Bambo anakalamba osavomera kuti analakwa, ndipo sindinawaumirize. Anachita zimene aliyense ankachita, pofuna kuti mwana wawo mmodzi atuluke pa khonde. Koma satifiketi yachiwiriyo anaiikira okha felemu.

Tsono inu ana, mukapatsidwa pepala lililonse, kaya la mayeso, la ntchito kapena la ukwati, lembani dzina lanu ndi chaka chimene munabadwadi. Musatenge cha m'bale wanu chimene iye adzachifuna mawa, ngakhale wamkulu atakuuzani kuti palibe kanthu. Mukaneni mwaulemu, koma mukane. Ndipo mukalephera, bwererani mukalembenso.