Alamu Anga ndi Batire la Thirakitala

"Iyayi alamu, musavutike n'kutsegula. M'katimo munapsa monse, ngakhale makaniko wa ku Liwonde anakanika," anatero a Sharifu, amuna a mlongo wanga Sakina, ataima kumbuyo kwanga batire lili paphewa.

"Makaniko wake uti?" ndinafunsa.

"Wina wake. Anasamuka."

Ndinali nditagwada pambali pa kathirakitala kanga, kwathu ku Mposa. Ndikuti kanga chifukwa ndinakagula ndine, kakalekale, ndi thukuta la m'galaja ina ku Joni komwe ndinkagona pamakatoni. Ndinakatumiza kuti kazilima minda ya mpunga ya mayi ndi abale awo. Pobwera ndinapeza nkhuku zikuikira pampando, kiyi ali m'thumba la amjomba a Swaibu, alongo awo a mayi. Dayinamo, ija imadzaza batire injini ikamayenda, inali itauma gwa.

Akuti itauma, lamba anayamba kulira n'kumanunkha mphira. Amjomba anangogula lamba wamfupi wozungulitsa fani yekha, dayinamo n'kuilambalala. Kuyambira pamenepo batire likatha mphamvu limakwera njinga kupita kumsika komwe kuli magetsi, likatchajidwe. Mvula ziwiri zadutsa zili choncho, ndipo palibe amene akuona chodabwitsa.

Wopalasa njingayo ndi a Sharifu. Kwawo ndi ku Nkaya, kumene njanji zimakumana. Kumeneko ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi siteshoni, ndipo Sakina anawapeza pomwepo akupita kukagulitsa matemba, tcheni itamudukira. Atamanga ndowa, ukwati wachisilamu, anabwera kudzakhala kwathu, monga amachitira akamwini onse. Khasu silinawayanje. Ali ndi chifuwa cha mphumu, akalima mizere yowerengeka amayamba kulira ngati pompa. Mwana m'banjamo sanabwere. Mayi anandiuza mosabisa kuti amjomba anali atatulutsa kale chikwama chawo panja, kungoti sabata lomwelo dayinamo inauma, pakafunika munthu wonyamula batire.

Malaya awo onse ndi obooka paphewa, asidi anadya. Thalauza nalonso lili ndi timabowo ngati sefa. Ana pamudzi amawaitana kuti Che Batire, iwo n'kumayankha. Chimenechi ndi chimene chinkandinyansa kwambiri, kuyankhako.

Ndinamasula mabawuti, dayinamo ndinaiika pachiguduli. Nati ya puli, kagudumu kodutsapo lamba, ndinkayembekeza kuti ndilimbana nayo, koma inangotembenuka ngati chivindikiro cha botolo. M'mbali mwake munali zipsera za sipanala. Nditatsegula, mawaya onse anali oyera, opukutidwa bwino, ndipo wina anali atatsekera kansalu kuti fumbi lisalowe. Chofa chinali chimodzi chokha: beringi yakutsogolo. Timipira take tinada ngati makala, girizi anasanduka dongo louma.

Ndinayang'ana a Sharifu. Iwo ankayang'ana nkhuku.

"Makaniko wosamuka ujatu anali waukhondo," ndinatero.

"Anthu ena amatero."

"Alamu, munthu wokonza mahabu a mawilo a njinga sangalephere kudziwa beringi yowuma. Kanthu aka n'kotchipa kuposa nkhuku imene mukuiyang'anayo."

Anatsitsa batire pansi pang'onopang'ono, n'kukhalapo.

"Mwaona bwino, Che Laisi. Ndinatsegula ndine, mwezi woyamba womwe."

"Ndiye mwakhala mukuswa chifuwa chanu pamchenga, batire kumbuyo, mukudziwa?"

"Ndikudziwa. Achemwali anunso akudziwa, kansaluko ndi ka mpango wawo." Anakhosomola. "Inu mwakhala kunja, mukuona chitsulo. Pamudzi pano mkamwini amadya chifukwa cha ntchito imene ikuoneka. Yanga ndi iyi ndakhalirayi. Mukakonza, ine mundiika pati?"

Ndisanayankhe, amjomba anatulukira kuseri kwa nkhokwe, kiyi akumuzunguza pachala.

"Ee, injiniya wa ku Joni wagwetsa matumbo a ng'ombe yathu. Nanga iwe Batire, wakhala pa ofesi yako? Dzuka, dzuwa likukwera, mawa tikulima kwa a Dalesi."

"Ndikunyamuka, bwana," anatero a Sharifu, akumwetulira.

"Lero sapita," ndinatero. "Akundithandiza."

"Akuthandize chiyani ameneyu? Kupuma komwe kumamukanika." Amjomba anaseka okha n'kumapita.

Sindikudziwa chimene chinandinyansa koposa: amjomba, kapena kumwetulira kwa alamu, kapena mayi amene ankapeta mpunga chapafupi osadzutsa mutu. Ku Joni anatitchula mayina oipa, ena anatithamangitsa ndi zikwanje, koma amenewo sanali abale. Ndinkaganiza zongogulitsa kathirakitalako ndibwerere.

Mkombero wam'kati wa beringi unali utakakamira pashafiti. Tinauthira palafini, osasuntha. A Sharifu anabweretsa mbaula, tinautenthetsa, iwo atagwira ndi pulayala, ine ndikumenya tchizulo. Anagwira mowongoka, ngakhale ankadziwa kuti nyundo iliyonse ikuwayandikizitsa ku Nkaya. Mkombero unang'aluka n'kugwa padothi. Anautola ukadali wotentha, kuuponya dzanja ili ndi ili.

"Tiyeni nawo ku Liwonde, akatipatse wofanana," anatero okha.

Mu minibasi anatipanikiza anthu asanu pampando wa atatu, ndowa ya nsomba ikudontha pa nsapato zanga. Tinatsika ku Liwonde. Tikuyenda m'mbali mwa msewu ndinawafunsa a Sharifu chifukwa chake sangomutenga Sakina n'kupita naye kwawo.

"Achemwali anu ndi mbumba ya amjomba anu. Munda wawo uli kuno, manda a agogo awo ali kuno. Ine ku Nkaya ndili ndi mtengo ndi sipanala."

M'kashopu ka zitsulo, mayi wogulitsa anayang'ana zidutswa zija n'kutulutsa kabokosi pashelefu. A Sharifu analowetsa chala pakati pa beringi yatsopano, kuizungulitsa pafupi ndi khutu. Sinamveke. Nkhope yawo inawala pang'ono, kenako n'kuzima.

"Ndi yabwino," anatero. "Mwatsoka."

Ndinalipira. Panja ndinawapatsa kabokosiko.

"Muikamo ndinu, amjomba akuona. Mukatero ndikalanda kiyi, woyendetsa mukhale inu. Pampando chifuwa sichivuta."

"Mkamwini kugwira kiyi, mwini mbumba ali moyo? Alamu, ku Joni anakumenyani m'mutu."

"Thirakitala ndi yanga."

"Ndi yanu mukakhalapo. Inu mapazi anu akuyabwa kale, ndakuonani mukuwerenga mabasi pa depoti paja."

Sananame. Ndinawauza kuti ndikhala mpaka mpunga utakololedwa, ndipo amjomba akakana, kathirakitalako ndikagulitsa pomwepo, azikalima ndi kiyi wawoyo. Ndinazinena mokwiya, chifukwa ndinali nditadzimangirira pamalo pamene sindikupafuna.

A Sharifu sanathokoze. Anaima pa benchi ya mnyamata wogulitsa zida za njinga, n'kugula kachitini ka girizi ndi ndalama zawo.

"Wa m'fakitale amakhala wochepa," anatero. "Fumbi la ku Mposa silisewera."

Kabokosi anakaika m'thumba la malaya, koma kanatulukira pabowo la asidi n'kugwa pansi. Anakatola, kukapukuta, n'kukafumbata m'manja pamodzi ndi kachitini kaja. Sanafumbatule mpaka tinafika kunyumba.