Ndinachedwa Kukawaletsa Achikulire

Mwana wanga wamkazi amachedwa kugwira zinthu m'kalasi. Mutu wake ndi wabwinobwino, koma mukamufulumizitsa amangoti duu, misozi mbwee. Masukulu angapo a muno mu Nairobi anatikana mwaulemu, mpaka tinapeza sukulu ina yapulayiveti kufupi ndi Kangemi, imene inali ndi kachipinda ka ana ngati iyeyo. N'kutali ndi ku Syokimau kumene timakhala, koma kumeneko ndi kumene anayamba kulemba dzina lake.

Kachipindako kankakhalapo chifukwa cha munthu mmodzi, wapampando wa bodi ya matrasti, anthu oyang'anira sukuluyo. Anali bambo achikulire a kwathu ku Malawi, akulu a mpingo kumene timapemphera, ndipo iwowo ndi amene anandikokera mu bodimo. Matrasti ena onse anali Akenya. Mmodzi wa iwo, bambo womanga nyumba zogulitsa, sankabisa mawu: ana a m'kachipindako akutsitsa zotsatira za mayeso, bola muikidwe makompyuta. Mpandowo ankaufuna, ndipo aliyense ankadziwa.

Tsono achikulirewa anali ndi kachitidwe kawo, kakwathu ndithu. Nthawi yawo ikatha ankaimirira n'kunena kuti akalamba, atopa, ena atengeko. Pamenepo Mmalawi mnzathu amene kale anali mu bodimo ankadzuka n'kudandaula kuti ayi bambo, musatisiye tokha, iwo n'kukanakana, kenako n'kuvomera. Mnzathuyo atabwerera ku Lilongwe, wodandaula ndinatsala ine.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi anandipeza poimika magalimoto.

"Mayi, Loweruka ndikutula pansi udindo, mafupa atopa," anatero. Kenako anandiyang'anitsitsa. "Inu mudzakhalapo, eti?"

"Ndidzakhalapo, bambo."

Tinamvana. Sabata yonse mtima sunakhale m'malo. Mawu owadandaulira ndinkawabwereza kuofesi, kubafa, ngakhale pochapa, mpaka amuna anga anandiseka kuti ndikukonzekera ngati ndikukalalikira pamaliro a bwana. Ndinawakalipira. Iwo ankaona nthabwala, ine ndinkaona mwana wanga atakhala kumbuyo kwa kalasi yodzaza, mphunzitsi akumudumpha.

Loweruka ndinalawirira kupita kumsonkhano wa bodi. Galimoto yathu inali kugalaja, choncho ndinakwera minibasi, imene kuno amati matatu. Titangolowa mu Mombasa Road, basi, chilichonse chinaima. Lole inali itagona pakati pa msewu ngati ng'ombe yodwala. Ndinaimbira achikulire, foni yozimitsa. Lamulo lozimitsa mafoni pamsonkhano anakhazikitsa okha, ndipo tsikulo ndinalitukwana lamulolo chamumtima. Ndinkangoimirira n'kukhalanso, kusuzumira pawindo, kufunsa kondakitala ngati palibe njira ina.

"Mama, tulia," anatero mnyamatayo.

Ndikhazikike? Iwe! Ndinatsika pomwepo n'kuimitsa boda boda, ine amene ndinalumbira kuti njinga zamoto za muno sindidzakwera. Ndinamugwira woyendetsayo jekete ndi manja onse awiri, ndikukuwa "Haraka, haraka!" kuti afulumire, kwinaku ndikupemphera. Tinadutsa m'tinjira timene sindingatilozenso, matope akundidetsa siketi.

Ndikuthamanga pakhonde la sukulu ndinamva kuwomba m'manja.

Nditalowa ndinapeza achikulire ataimirira kutsogolo. Ahedi a sukuluyo anali akuwafundika nsalu yofiira ya Chimasai paphewa, keke ili kale patebulo. Anzathu Akenya zokakamizana sazidziwa. Ukati watopa amakukhulupirira, amakuthokoza, n'kukupatsa mphatso. Achikulire ankamwetulira ndi mano okha, maso ali kukhomo, ndipo masowo anagwera pa ine.

"Pepani ndachedwa," ndinatero ndili wefuwefu. "Koma bambo, musatisiye tokha."

"Pole, mama," anandidula mlembi wa bodi. "Tavomereza kale, Mzee akapume. Tsopano tikulandira mayina."

Nthawi yomweyo wina anatchula bambo wa nyumba uja. Mlembi anafunsa ngati pali dzina lina. Ndinayang'ana nkhope iliyonse, palibe amene ankaoneka kuti atsegula pakamwa. Mantha anandigwira, mkwiyonso unandigwira. Ndinangoona dzanja langa lili m'mwamba.

"Ine," ndinatero. "Mpandowo ndikuufuna ine."

Abale inu, kwathu munthu sadzitchula yekha. Umadikira ena akutchule, ukane, akuchonderere. Ndinamva manyazi mpaka m'makutu. Koma mayi wina wa mu bodimo, namwino wogwira ntchito ku Kawangware, anati akundivomereza. Anandiuza ndifotokoze chimene ndikufunira mpandowo, ndipo mawu okoma onse amene ndinaloweza sabata yonse anali a munthu wina. Ndinangonena za kachipinda kaja, ndi mmene mwana wanga anabwerera kunyumba tsiku lina atanyamula pepala la dzina lake ngati dzira. Tinavota, ndipo ndinapambana mwapang'ono. Achikulire anandigwira chanza osandiyang'ana, keke sanadye.

M'mawa mwake kutchalitchi ndinawadikira poimika magalimoto pomwe paja.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Anandiyankha m'Chingerezi chosalala, n'kunditchula ndi udindo wanga watsopano. Ndinayamba kufotokoza za lole, za boda boda, ndinati ngakhale siketi ya matope sindinaichape, atha kudzaiona. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundifunira sabata yabwino, m'Chingerezi momwemo. Pamenepo ndinazindikira kuti iwo akukhulupirira kuti ndinachedwa dala. Zinandipweteka kwambiri, ndipo zimandipwetekabe, chifukwa bambo amenewa ndi amene anatsegulira mwana wanga chitseko pamene ena onse anatseka.

Kachipinda kaja kalipo, makompyuta tinawapezera malo ena. Mwana wanga tsopano amawerenga zikwangwani zonse za mu Waiyaki Way mokweza, mpaka kutitopetsa m'galimoto. Lamulungu lililonse akawaona achikulire amathamanga akukuwa "Agogo!" ndipo iwo amawerama, kumufunsa za kusukulu m'Chichewa chakwathu, akuseka naye. Akaweramuka n'kundiona ine kumbuyo kwake, amandipatsa moni m'Chingerezi.